Laputopu Yoothera Manja

Panali munthu wina wojambula mapulani a nyumba, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'dziko lozizira. Kumeneko mkazi wake anamugulira laputopu yapamwamba kwambiri ya nthawi imeneyo. Purosesa yake, ubongo wa makinawo, inali ya makoo anayi, ndiye kuti timaubongo tinayi m'kati mwake, liwiro la magigahezi 2.7, ndipo inkadya magetsi a mawati 55. Ikamagwira ntchito inkatulutsa mpweya wotentha cham'mbali, mayiwo n'kumaothera manja pamenepo.

"Mbaulayi ndi yanga, bambo, inu mukungobwereka," ankatero akuseka.

Mayiwo atamwalira, bamboyo anabwerera kwawo ndi laputopuyo. M'kati mwake munali mavidiyo a malemu akuimba, ndipo sanawasunge pena paliponse. Patapita zaka laputopuyo inayamba kuzima yokha. Mchimwene wa malemu, wokonza makompyuta, anaiyang'ana.

"Alamu, purosesayi ilibe vuto, fani ndiyo yadzaza fumbi. Koma tiyambe takopera mavidiyo a achemwali pa fulashi. Ndibwera Loweruka, musapatse munthu."

Lachinayi, pa shopu yosindikiza mapepala, bamboyo anacheza ndi mlendo wina wovala taye. Mwachizolowezi anayamba kunyadira manambala a laputopu yake aja, n'kutchulanso zoti ikudikira kukonzedwa Loweruka. Watayeyo anatchera khutu, podziwa kuti purosesa ya mtundu umenewu imachotseka mosavuta ndipo oifuna ndi ambiri.

"Achikulire, mpaka Loweruka? Ine mawa lomweli ikhala ngati ya m'katoni."

Anam'patsa. M'mawa mwake watayeyo anaibweretsadi, yopukutidwa bwino, yosazimanso. Atachoka, bamboyo anaika dzanja pambali paja monga ankachitira malemu. Mpweya unali wozizira.

Loweruka mlamu uja anaitsegula, n'kupukusa mutu.

"Purosesa iyi ndi ya makoo awiri, alamu, yotchipa. Ndi hadi disiki yomwe, yosungira zinthu ija, asintha."

"Nanga nyimbo za achemwali anu?"

Mlamuyo anatseka laputopuyo: nyimbozo zinali zitapita ndi hadi disiki ija. Foni ya watayeyo sinapezekenso.

Mpaka lero bamboyo amatchula manambala aja osaphonya, makoo anayi, mawati 55. Koma akati akumbukire mawu a mkazi wake, amabwera pang'onopang'ono, ngati akuimbira m'chipinda china.

Phunziro: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku awiri okha akanapulumutsa mawu a malemu. Mverani m'bale wodziwa ntchito, ndipo chimene simungachigulenso chisungeni pawiri. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene asungira okondedwa awo m'makina amodzi.