Zofunda za Kudzala

Chaka cha nthomba chija, Gabrieli ankatuta zinyalala za m'tauni ya Fort Jameson pa ngolo ya ng'ombe. Tsiku lina kunamudera ali kudzala, kumene ankatentherako zofunda za omwalira.

Ng'ombe zinangoima zokha, n'kuyamba kunjenjemera. Pa phulusa lamoto panaima mayi wobereka mwana, mapazi ake osapsa.

"Bambo," anatero mayiyo motsitsa mawu, "bulangeti la mwanayu munalitentha dzana. Akuzizidwa."

Gabrieli anagwidwa chisoni. Anavula jekete lake n'kufunditsa mwanayo, koma kathupi kake kanali kozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Zikomo, bambo. Nanga enawa?"

Kuseri kwa utsi, ana ambiri anayamba kulira, ndipo kulirako kunkayandikira ngolo.