Anthu Sangakhulupirire

"Wotsatira!" anakuwa wotsogolera sewero, osadzutsa mutu.

Pa benchi panatsala munthu mmodzi. Anzake a zisudzo ankamutchula kuti Kabwana chifukwa cha khungu lake loyera ndi tsitsi lofewa, ngakhale kuti nsapato zake zinali zakutha kuposa za wina aliyense m'chipindamo. Tsiku lonse anthu anapanikizana pa benchilo, koma pafupi ndi iye pankatsala mpata.

Chipindacho kale chinali cha akalipentala, ndipo utuchi unkanunkhabe m'makona. Eni ake atsopano anabwereka gulu la zisudzolo mpaka mwezi utathe, kenako mudzakhala momwera khofi. Sewero lake linali la zomwezo: anthu oyera khungu akugula nyumba m'dera lakale, mipanda ikukwera, obadwira momwemo akusamukira kutali. Magawo akuluakulu anali atatu. Mayi wokana kugulitsa nyumba, mwana wake wamwamuna, ndi wogula.

"Aa, Kabwana! Takhala tikukudikira," anatero wotsogolera. "Jekete la wogula lili pamsomalipo. Taliyesa."

"Ndabwera kudzayesa gawo la mwana."

Wina anaseka kumbuyo. "Mwana wa ndani, aise? Wa wogula?"

Kabwana sanacheuke. M'masewero onse amene anachitapo ankakhala mwini fakitale, kapena bwana wa munda, kapena mlendo wojambula ana anjala. Ankalowa atavala jekete, anthu n'kumukuwiza, iye n'kutuluka. Powerama kumapeto, ikafika nthawi yake kuomba m'manja kunkazirala. Pa siteji anali asanakhalepo ndi mayi, kapena mlongo, ngakhale galu amene.

Wotsogolera anakanda m'mutu. Munthu wolemba sewero lodzudzula tsankho akanakana bwanji pamaso pa anthu?

"Chabwino. Mayi telala, tabwerani muwerenge naye."

Mayi telala anali atapatsidwa kale gawo la mayi m'mawa womwewo. Kale ankasoka pakhonde la sitolo ya mumsewu womwewo, mpaka sitoloyo itagulidwa ndi anthu atsopano, makina awo n'kuikidwa panja. Aliyense ankadziwa kuti ali ndi chifukwa chodana ndi khungu loyera. Chilowereni m'chipindamo anali asanamuyang'ane Kabwana ngakhale kamodzi, ndipo atamva kuitanako anadzuka ngati apita kukazula dzino.

Chigawo choyeseracho chinali chachifupi. Mwana wabwera kudzatsanzika kuti watopa, akuchoka m'deralo. Mayi ayenera kumugwira masaya ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukachoka iwe, nyumbayi yagulidwa kale."

Kabwana sanatenge pepala. Mawu onse anali m'mutu. Sanakuwe monga anakuwira anyamata ena onse oyesa gawolo. Analankhula chapansipansi, ngati munthu woopa kudzutsa wodwala, ndipo oseka aja anasiya kuseka. Wina amene ankatafuna kanthu anaiwala kumeza.

Inafika nthawi ya mayi telala. Anakweza manja, koma manjawo anaima m'malere, pafupi ndi masaya, ngati akumva kutentha kwa ayironi. Maso anali kukhoma.

"Mwana wanga," anatero, mawu ali ouma ngati chikuni.

Ngakhale zinali choncho, misozi inayenderera pa nkhope ya Kabwana. Sanaipukute.

"Basi, basi," anatero wotsogolera. "Wandidabwitsa, sindinama. Misoziyo yokha yachuluka." Anawazungulira awiriwo, akuwayang'ana ngati munthu wofananiza nsalu ndi ulusi. "Ine tsankho ndilibe, nonse mukundidziwa. Vuto ndi oonera. Mayi, inuyo mukuti bwanji? Uyu angakhale mwana wanu?"

Apa m'pamene mayi telala anamuyang'ana, kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi.

"Anthu sangakhulupirire," anatero.

Nkhani inathera pomwepo. Gawo la mwana linapita kwa mnyamata wometa tsitsi, amene ankaiwala mawu pafupipafupi koma khungu lake linali loyenera. Aliyense anapuma bwino. Chilungamo chinali chitachitika, poti mwayi anapatsidwa.

Kabwana anapachula jekete lija. Linamukwana, monga mwa masiku onse.

"Waona? Ngati anakusokera iweyo," anatero wotsogolera, akumusisita paphewa. "Ndipo usaderere, wogula ndi gawo lalikulu. Ukumana ndi mayi telala pa siteji, akukuthamangitsa ndi tsache. Anthu adzafa nacho chiseko!"

"Ndichita," anayankha Kabwana.

Anthu anayamba kutuluka awiriawiri, atatuatatu, akupangana kokamwera zoziziritsa kukhosi. Palibe anamufunsa ngati apita nawo. Iye anayamba kusanja mipando, ntchito imene sanamutume aliyense. Mayi telala anatsalira, akufufuza m'chikwama chinthu chimene sichinkapezeka. Mapazi a omaliza atazimiririka panja, anatseka chikwamacho.

"Usadzandichitenso zimene wachita lerozi," anatero monong'ona. "Amuna anga adzakhala mzere wakutsogolo, ndi abale awo onse." Anamukonza kolala mofulumira, n'kubweza dzanja. "Ndipo wawonda. Amalume ako sakukudyetsa? Utsale pang'ono, nditsogole ine."

Kabwana anaima kuseri kwa chitseko, monga anamuphunzitsira ali wamng'ono, kudikira kuti mayi ake omubereka akhote kaye pakona.