Mpungabwi wa Nambala 14

"Kodi nambala 14 inachokera kuti?" anafunsa a Benson, mkulu wa kafukufuku.

Pa mitolo makumi awiri ya mpungabwi imene anayeza mu labu, mafuta a mtolo umenewo ndiwo anaposa onse pa mphamvu yoteteza thupi kuti lisafooke msanga. Kampani ina ya tiyi inali itaimba kale foni kawiri.

Tisiyenji, wantchito wongoyembekezera mu labumo, ankadziwa. Atasowa mtolo umodzi kwawo ku Kabudula, amalume ake, amene amakumba nawo manda, anamubweretsera masamba m'pepala la shuga.

"Kumanda kulibe wolima kapena wopopera mankhwala," anatero monyadira. "Uwu ndathyola pamene tinagoneka mayi ako."

Tsopano a Benson ankagogoda tebulo.

"Akampani ya tiyi akufuna matumba makumi asanu mwezi uno. Mukawalozera malowo, ntchito yanu yakhazikika. Munatola ndinu, eti?"

Tisiyenji anatsegula kabotolo ka mafutawo, nanunkhiza kwa nthawi yaitali. Kenako anakatseka n'kukaika m'chikwama.

"Lembani kuti mitolo inalipo khumi ndi isanu ndi inayi, bwana. Ndipo Lolemba musandidikire."