Laini ya ku Area 43

Manambala a pa sikirini anayamba kufiira mvula itangochita mdima cha ku Kanengo. Lekani anawaona bwinobwino, koma anangopinda manja n'kutsamira mpando.

Ntchito yake m'chipinda chozizira chija ku City Centre inali yomweyo: kulondera malaini a netiweki ya kampani, kuona zolakwika zimene zimalowa m'mauthenga akamadumpha kuchoka pa nsanja ina kupita pa inzake. Zolakwikazo zikachuluka, mawu amadukaduka, nkhope za anthu pa vidiyo zimauma gwa. Mankhwala ake ngosavuta. Umadina batani limodzi, mauthenga onse n'kusamukira ku laini ina yodutsa pansi pa nthaka, kumene mvula sifika.

Koma laini imene inkadwala masana amenewo inali ya ku Area 43. Ndipo ku Area 43 n'kumene a Chitemwa, bwana wake, anadzitsekera m'nyumba mwawo tsiku limenelo. Marcelina, mlembi wawo, anali atalengeza m'mawa kuti munthu asawasokoneze, ali ndi msonkhano wa pa kompyuta ndi akuluakulu akunja. Lekani sanafunse zambiri. Akuluakulu akunja angakhalenso ndani kupatula eni kampani?

Lekani ankadana nawo a Chitemwa, chidani chochokera pansi pa mtima. Malume ake amene anamulera atamwalira ku Mitundu, iye anapempha kuti akaike maliro. Bwanayo anamuyankha pamaso pa ofesi yonse, akutokosa m'mano: "Malume si bambo ako. Netiweki silira maliro." Adzukulu anakwirira manda iye ali pampando womwewu. Mpaka lero akafika kumudzi, azimayi amamupatsa moni akuyang'ana kumbali.

Alamu inalira. Lekani anaizimitsa.

Ha! Mkulu wa netiweki, netiweki yake yomwe n'kumuvula pamaso pa eni ake. Mawa lomwe adzatuluka pakhomo paja atanyamula katundu wawo m'katoni, ndipo iye Lekani adzawatsegulira chitseko ndi ulemu wonse. Wina akadzafunsa, adzati inali mvula. Mvula ndani anaiimbapo mlandu?

Foni ya pa desiki inalira. Anaisiya kaye ivutike, kenako anainyamula.

"Leka... ni! Lai... ikudu..." Anali a Chitemwa, mawu awo ali zidutswazidutswa.

"Halo? Bwana, simukumveka," anatero Lekani, mawu ali ofewa ngati a m'kwaya. "Halo?"

Anabwezera foni pamalo pake. Manambala aja anakwera, anakweranso, kenako laini yonse inangoti zii. Lekani anamva kukoma, osati pang'ono. Anadzuka, anakapanga tiyi, anamwa mosafulumira akuonerera mvula pawindo. Atakhutira kuti msonkhano uja waola, anadina batani lija. Sikirini yonse inabiriwira ngati palibe chachitika.

Asanatsuke n'komwe kapu, chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali Marcelina, foni ili m'manja, maso ali psuu.

"A Lekani, mwamva? Za abwana zafera panjira. Akunja aja anadikira mpaka kutopa, ndiye akuti atenga munthu wina."

"Atenga wina kale?" Lekani analuma mlomo kuti asaseke. "Pepani ndithu. Ndiye abwana achoka liti?"

Marcelina anamuyang'ana ngati waledzera.

"Achoka kupita kuti? Inu simumadziwa? Inali intavyutu imeneija! Amafuna ntchito ku Nairobi, mwezi wamawa bwenzi atatisiya. Enafe mpaka tinasala kudya kuti apambane. Panopa akuti sakayesanso kwina kulikonse, akalambira pompano."