Hutala Wachitatu

Nditaliza hutala kachitatu, bambo ena amene anali panjinga patsogolo panga anachoka pa tala. Tayala lakutsogolo linatitimira mumchenga wa m'mphepete mwa msewu, ndipo iwo ndi katundu wawo anagwa pansi, khuu!

Ndinaimitsa lole yanga ya soya, Msundwe akuonekera patsogolo, n'kutsika mawu achipongwe ali kale pakamwa. Anthu anjingawa amayesa msewu ndi wa agogo awo.

Chitenje chimene anakutira katunduyo chinali chitavundukuka. Sanali matabwa monga ndinkaganizira. Kanali kabokosi ka maliro, kotalika ngati mkono wangawu, kakununkhirabe utuchi.



Bambowo sanayang'ane n'komwe chigongono chawo, chimene chinkachucha magazi. Anagwada n'kuyamba kupukuta fumbi pachivundikiro ndi malaya awo, pang'onopang'ono, ngati akupukuta nkhope ya mwana.

"Pepani, abwana," anatero osandiyang'ana. "Hutala ndinamumva. Koma kumbaliku kuli mabampu, ndiye ndimaopa kuti kangang'aluke ndisanafike."

Ndinavula chipewa. "Bambo, tiyeni tikakweze m'galimotomu, ndikuperekezeni."

"Ayi, zikomo, ndi pomwepa." Analoza kutsogolo, pamene anthu anali atayala masamba aawisi pamsewu podziwitsa za maliro. "Mwanayo ankakonda kukhala pakaliyalapa. Ndikafikitsa ndekha."

Anakamanganso ndi mphira, n'kukwera, n'kubwerera pa tala.

Ndinawatsata pambuyo pa liwiro la njinga. Kumbuyo kwanga magalimoto anandanda, onse akuliza mahutala. Sindinapatse mpata ndi imodzi yomwe.