Makhadi Awiri a Mayi

Ndinali kuseri kwa chitseko, yunifolomu ya Sitandade 6 ikadali m'thupi, pamene amalume anga, a Sufiyani, ananena kuti ndikwatiwa mpunga ukakololedwa. Munali mu 1978, kwathu ku Benga. Wondifunayo anali mwini ngalawa ziwiri, imvi zili mbuu.

"Achimwene, Safiya ndi mwana," anatero mayi ali pamkeka, mimba itakula ndithu. "Zaka khumi ndi zitatu zokha."

"Mwana uti? Khadi la chipani ali nalo. Wakhadi ndi munthu wamkulu, chemwali."

Mayi anamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsa makhadi awiri amene anyamata a chipani anawakakamiza kugula pakhomo la msika. Limodzi analisanjika pamimba pawo.

"Uyunso ali nalo lake. Kawafunseni akuluwo, adikira abadwe kapena amutenga lero?"

Amalume anatola kofia yawo n'kutuluka osatsanzika.

Ndinathamanga n'kukabisa nkhope m'chitenje chija. Chinkanunkhira utsi wa nkhuni ndi usipa wouma, fungo limene ndimalisakabe mpaka lero.

Mayi anandikankha. "Vula yunifolomuyo, iwe, ungaidetse. Mawa uvala chiyani?"