Loboti ya Aphunzitsi Fulu

Padangokhala, kalelo nyama zikadaphunzitsana luso pansi pa mkuyu, Fulu ndi Kangaude ankaphunzitsa ana kupanga maloboti, zidole zoyenda zokha zija. Chaka china panafunika loboti yowolotsa mbewu ya chimanga padambo, kupita kuminda ya tsidya, mvula isanagwe.

"Umbani ndi dongo, muliwotche, ana inu," anatero Fulu akugogoda chigoba chake. "Ine munandionapo nditasweka?"

"Bango ndi ulusi, achimwene," anatero Kangaude. "Dambolo mwalionako?"

"Inu a miyendo ngati udzu, za kulimba mungatiuze chiyani?"

Ana anapanga maloboti awiri. Poti wamkulu anali Fulu, mayeso anasankha yekha: kuwagwetsera mwala. Ya bango inaphwanyika, ya dongo osachita ndi mng'alu womwe. Ana anaomba m'manja, Kangaude n'kukulunga ulusi wake, ulendo.

Kutacha anasenzetsa loboti ya dongo ija mbewu yonse ya mudzi. Pouma inayenda bwinobwino, Fulu akumwetulira pambuyo. Itangoponda matope, miyendo inayamba kulowa.

"Aphunzitsi, ikumira!" anakuwa Gologolo, mmodzi wa ophunzira.

Anakoka onse, koma dongo lija linali lolemera. Inamira ndi mbewu yomwe.

"Aphunzitsi," anafunsa Gologolo misozi ili m'maso, "bwanji sitinaiyese m'matope?"

 Moyo wake wonse Fulu anali asanapondemo m'dambomo, ankangolizungulira. Analowetsa mutu m'chigoba, ndipo chaka chimenecho minda ya tsidya inamera udzu wokhawokha.

Mpaka lero, akangomva mapazi a ana, Fulu amabisa nkhope. Nthano yanga nayo yatsala m'matope momwemo.